Manja a M'kalasi Mwathu

Ku Kanyama, m'giredi faifi, ndinkakhala desiki imodzi ndi mtsikana wosamva. Ine ndinali mwana wa ambuya, makolo nditawataya ndili wamng'ono, ndipo sindinkakonda kuyankhula. Anzathu ankati pathu ndi "desiki ya kumanda".

Koma mtsikanayo sanali chete. Ankayankhula ndi manja, nsidze ndi masaya. Ndinayamba kuphunzira ndine, pongomuyang'ana. Ena anatsatira atazindikira kuti ndi manja ukhoza kujeda aphunzitsi atatembenukira kubolodi, osakwapulidwa.

Tsiku lina la dzinja bambo ake, telala wa pafupi ndi mzikiti, anaima pakhomo la kalasi atavala kofia yoyera.

"Ba ticha, nabwela kutenga mwana," anatero. "Samvela vilivonse, ankala chabe. Azinithandiza kusoka."

Mnzanga anawona nkhope ya bambo ake n'kundigwira mkono. Aphunzitsi asanayankhe, mvula inagwa pamalata ngati miyala. Pakamwa pawo pankatseguka, mawu osamveka. Telala uja analowa kuthawa mvula, madzi akuda akumutsatira pansi pa chitseko.

Tonse tinakweza miyendo. Pabolodi panali samu yogawa imene inatikanika. Mnyamata waphokoso wa kumbuyo anaponya kapepala kwa mnzanga, n'kumufunsa ndi manja: apa titani? Mnzangayo anakwera pa desiki. Ndi manja, anatenga nambala m'mwamba, naidula, naitsitsa, yotsala n'kuiika m'thumba la yunifomu. Mnyamatayo anayankha molakwa. Mnzanga anatupitsa masaya n'kumugogoda mutu chapatali, kalasi yonse n'kugwa ndi phwete losamveka. Kenaka manja anadzuka paliponse, kutsutsa, kufunsa, kuwerenga zala. Ngakhale aphunzitsi anaika choko pansi n'kumayang'ana.

M'chiphokoso chimenecho tonse tinali osamva, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye sanasowe mawu.

Mvula itachepa, telala anawerama kwa ine.

"Iwe, bonse aba bamumvela?"

"Ee, bamumvela."

"Ine kunyumba nimamukoka chabe pa malaya." Anayang'ana mwana wake. "Nanga kukamba kuti nkala, upunzile, nichita bwanji?"

Ndinamusonyeza ndi manja mawu oti khala, uphunzire. Zala zake, zozolowera sizasi, zinapindika molakwika.

"Ba tate, apo mwakamba ati nkuku!" anakuwa mnyamata wa kumbuyo uja.

Mnzanga anatsika, madzi akumufika m'akakolo. Anagwira manja a bambo ake, nawongola chala chimodzichimodzi, mwaukali ndithu, mpaka mawuwo anatuluka bwino. Bamboyo anawabwereza, akuyang'ana mwana wake m'maso. Kenaka anavula nsapato, napinda buluku, n'kutuluka yekha.