Bulauzi ya Manja Aatali

Alamu anga ankaluka tsitsi pakhonde, kuyambira m'mawa mpaka maso atakana kuona. Anali ndi kampando kamatabwa kokhalira makasitomala, botolo la mafuta lomwe sankabwereka munthu, ndi chipeso cha mchira wachitsulo chomwe ankachizika m'tsitsi lawo manja akatanganidwa. Zala zawo zinali zachangu moti amayi ankachokera kutsidya kwa msika kudzadikira pamzere. Koma chala chimodzi cha kumanzere chinali chokhota. Wina akafunsa, ankati chinapanidwa ndi chitseko, kenako n'kumukankha mutu pang'ono: "Weramani mayi, tisachedwe."

Panalibe chitseko chilichonse. Anachithyola ndi achimwene anga, ndipo ndikunena izi ngakhale tinayamwa bere limodzi. Ankakonza mawailesi ndi masipika m'kachipinda ka kutsogolo, kodzaza mawaya ndi fungo la mtovu wosungunuka. Panja anali munthu wanthabwala, wopatsa moni ngakhale galu wa eni. Koma akafuna kumenya mkazi wawo ankayamba akweza nyimbo. Mazenera akamanjenjemera, anthu a mumsewu wathu ankagwedeza mitu n'kumati, "Nyumba imeneyo ndiye ya chisangalalo!"

Pa Khirisimasi iliyonse achimwene ankapereka mphatso tikatha kudya, onse tili patebulo. Mphatso ya alamu nthawi zonse inkakhala yobisa pamene awononga. Chaka chomwe anawazula tsitsi pamwamba pa khutu anawagulira duku wonyezimira. Chaka china magalasi akuda. China mpango wa m'khosi. Amayi athu ankaomba m'manja n'kumati mwana wawo amadziwa kusamala mkazi. Ndinawauzapo alamu kangapo kuti alongedze katundu azipita, koma yankho lawo silinkasintha.

"Dona amalize kaye sukulu. Ine ndinazolowera, mlamu. Bola mwanayo sakumukhudza."

Dona anali mwana wawo yekhayo. Tinamutcha choncho chifukwa ali wamng'ono ankayenda monyang'wa, atavala nsapato za amayi ake. Chaka chimene ndikunenachi anali atangoyamba sekondale, ndipo kunyang'wa konse kunali kutatha. Tinkangoti ndi kukula.

Sabata ya Khirisimasi alamu analuka mitu mpaka zala kutupa, ena kuwatsatira kumakomo kwawo. Komabe tsikulo anadzuka kuphika mpunga, nkhuku ziwiri, nyama yamsuzi ndi keke yomwe inapsa pang'ono mbali imodzi. Masana kunatentha koopsa. Achimwene anatulutsa sipika yawo yaikulu n'kuyiika pakabati, nyimbo zikumveka chapansipansi, ndipo anavinitsa amayi athu mpaka amayiwo anakhala pansi akupuma wefuwefu. Ngakhale ine ndinaseka.

Itafika nthawi ya mphatso, alamu anamasula pepala lawo n'kupezamo sopo wonunkhira ndi mafuta odzola. Anazitembenuza uku ndi uku ngati akufuna china. Panalibe chobisa chilichonse. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka, ndipo ndinawamvera chisoni kuti munthu angasangalale ndi sopo chonchi.

Kenako Dona anamasula lake. Munali bulauzi yoyera ya manja aatali, mabatani mpaka pamfundo ya dzanja. Sanathokoze. Anangoipinda n'kuyiika pamiyendo, maso ali pansi.

Alamu anayang'ana bulauziyo, kenako anayang'ana juzi ya sukulu yomwe mwanayo anavala kutentha konseko.

"Tavula juziyo."

"Ndikumva kuzizira, amayi."

Thukuta linali likutsika pamphuno pake. Alamu anamugwira dzanja n'kukokera juziyo m'mwamba. Mkono wonse unali mikwingwirima ya waya, ina yakuda yakale, ina yofiira yosapola. Zinkachitika alamu akapita kukaluka kumakomo a anthu.

"Mwana wamwano amalangidwa," anatero achimwene, akupukuta mafuta a nkhuku pakamwa. Anaimirira, n'kupita pakabati, n'kupotokola batani. Nyimbo inaphulika, matambula patebulo n'kuyamba kulira okha. Anakoka lamba m'chiuno.

Zaka zonsezi nyimbo ikakwera alamu ankathawira kuchipinda kuti mwana asaone. Tsiku limenelo sanathawe. Ananyamula poto wa msuzi ndi manja awiri n'kuwamenya naye achimwene pakamwa. Dzino linagwera mumpunga. Achimwene anawabwezera chibakera chomwe chinawaponyera patebulo, tebulo n'kugudubuzika, mbale n'kusweka, keke n'kufwanthukira pansi. Anawakoka alamu ndi tsitsi, kuwamenyetsa mutu pasimenti, kenako anawaponda dzanja lamanja ndi chidendene cha nsapato. Ngakhale munali phokoso lonselo, ndinamva zala zikuthyoka.

Dona anadumphira pamsana pa bambo ake, iwo n'kumukutumulira pakhoma. Atatembenuka ndi lamba kuti amumalize, alamu anasolola chipeso m'tsitsi ndi dzanja lamanzere lija n'kuchibaya pantchafu ya mwamuna wawo. Chinalowa mpaka anachita kuchisiya momwemo.

Ine ndinathamangira pakabati n'kukankhira sipika ija pansi. Inasweka ndi kulira kumodzi, ndipo m'nyumba munatsala mawu a achimwene okha, akubuula ngati ng'ombe, magazi akutsikira m'sokosi. Aka kanali koyamba kuti msewu wathu umve zenizeni za m'nyumba imeneyo.

"Tsekani chitseko!" anakuwa amayi athu. "Mukufuna kutichititsa manyazi pa tsiku ngati lino? Za m'banja sizitulukira panja!"

Alamu anadzuka pang'onopang'ono, atakumbatira dzanja lothyokalo pachifuwa, diso limodzi litatsekeka kale. Anatsegula chitseko ndi phazi. Panja anthu anali atayamba kusonkhana, ena mbale zili m'manja, ambiri mwa amayiwo mitu yawo ili yolukidwa ndi zala zomwezo.

"Vula juziyo, Dona."

Mwanayo anavula. Anatsala ndi kadiresi kopanda manja, ndipo tinaona kuti mikwingwirima ija inakwera mpaka m'mapewa.

Dzanja lija silinapole bwino, ndipo mpaka lero alamu amaluka mutu umodzi pamene kale ankaluka itatu. Sanabwererenso m'nyumba imeneyo, ngakhale kudzatenga nsapato. Koma chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi pakhomo paja. Amayi athu anatola bulauzi ija pansi, yothimbirira ndi msuzi, n'kuthamanga nayo kukawapeza pakhonde.

"Mpongozi, muvekeni mwanayu, chonde. Anthu akuona."

"Aone," anatero alamu.

Anamugwira mwana wawo ndi dzanja lotsalalo n'kutsika naye masitepe. Sanadutse m'mphepete, anayenda pakati penipeni pa msewu, dzuwa likuswa mtengo, anthu akupatuka. Atafika pakona Dona anayamba kulira mokweza, ndipo amayi ake sanamuletse.