Chisanu chimene tinafufuza makolo a potato

Fungo la dothi lonyowa, lija limatuluka khasu likatembenuza mbatatesi, limandibwezera ku Kaphuka, chisanu chimene ndinali mu Sitandade 5. Nkhungu inkaphimba mapiri mpaka dzuwa litakwera, zala zathu zili gwa, ndipo m'matumba a yunifolomu tinkabisamo mbatatesi zootcha kuti zizitifunditsa panjira.

Kusukulu kwathu kunali lamulo loti wolankhula Chichewa pabwalo azivekedwa kathabwa m'khosi mpaka atapeza wina womupatsira. Tsiku lina ine ndinayesetsa ndithu. Chiganizo chonse ndinachinena m'Chingerezi, koma liwu loti potato linandithawa, ndinangoti mbatata. Kathabwako ndinakhala nako masiku atatu, chifukwa anzanga akandiona ankangoti zii. Mpaka lero ndimati chilangocho chinali chopanda chilungamo. Lachisanu ndinauza amayi kuti sukulu ndasiya.

Abambo sanandikalipire. Loweruka anapalasa njinga kupita ku Kabwazi, kumene wansembe wina anali ndi dikishonale yaikulu. Anabwerako madzulo, makutu atazizidwa, ali ndi pepala lolembedwa ndi inki yabuluu. Papepalapo panalembedwa kuti Angerezi anatenga potato kwa Asipanishi, amene amati patata, ndipo iwonso anamva kwa anthu a pazilumba za ku Amereka amene ankati batata. Apwitikizi anafika ndi liwu lomwelo kuno, ife n'kumati mbatata.

Lolemba abambo anandigwira dzanja mpaka kwa a Chimphonda, aphunzitsi athu.

"Aphunzitsi, mwanayu anatchula agogo ake a potato. Mumalanga mwana chifukwa cholemekeza akuluakulu?"

A Chimphonda anawerenga pepalalo kawiri, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "A Phiri, pa mlandu wa kathabwa mwabwera ndi mboni yochokera ku Amereka?" Anandivula kathabwako ndi manja awo, ine n'kukakhala pa benchi yanga.

Pepalalo ndili nalobe, mu envelopu imodzi ndi makhadi akale a chipani ndiponso satifiketi yanga ya uphunzitsi. Adzukulu anga amati ndi zinyalala, ndipo ndimawakalipira. Ndili mwana ndinkanyadira kuti abambo anapambana mkangano wa liwu. Ndinazindikira nditakula kuti Loweruka lija linali tsiku lokumba mbatatesi, ndipo munthu amene sankaphonya tsiku la kumunda anasiya khasu kuti mwana wake wamkazi abwerere m'kalasi.