Kuwala Kumene Anakusiya ku Ulaya

Ku Luwinga ankangowadziwa kuti Aphunzitsi a Manda, aja oyenda chowerama, manja ali mbuu ndi choko. Ndi ochepa ankadziwa kuti a Overtoun Manda, mwana wa ku Nkhata Bay, anakhalako ku Ulaya akuchita kafukufuku. Kumeneko ankathamangitsa tizidutswa ta maatomu totchedwa maayoni, n'kumatiwombetsa pa kapepala ka kaboni kopyapyala kuposa khoko la anyezi. Tizidutswato tikaboola kapepalako tinkatulutsa kuwala. Iwo ankakhulupirira kuti kapepalako ukakapendeketsa pang'ono, kuwalako kuzituluka mozungulira mbali imodzi yokha.

Asanatsimikize zimenezo anaitanidwa kuti abwerere. Msuweni wawo anali atayambana ndi chipani cholamula n'kuthawira ku Tanzania, ndiye akuluakulu anati wa m'banja lotere asakhalenso kunja. Pasipoti anawalanda atangotsika ndege. Anawaponya ku sekondale ina ya mu Mzuzu, kumene labotale inali ndi mabotolo opanda kanthu ndi sikelo yothyoka. Za kuwala ankaphunzitsa ndi magalasi a dzuwa akale, nthawi zambiri theka la kalasi litapita kokonzekera magule a chipani. Zaka zinapita choncho, imvi n'kumera.

Masana ena akuweruka, mkazi wawo Lenia anawachingamira panjira. "Adada a Stella, kwabwera mzungu. Akuti munkagwira naye ntchito."

Analidi mnzawo wa kulabotale ya ku Ulaya, anapatuka pa ulendo wa ku Nyika. A Manda sanamulowetse m'nyumba, poti makutu a chipani anali paliponse. Anaima naye pamsewu, mvula yowaza ikuwanyowetsa.

"Overtoun, unalondola!" anatero mzunguyo. "Tinakapendeketsa, kuwala kunazunguliradi. Bwerera, malo ako alipo."

"Kunazungulira chakumanja kapena chakumanzere?"

Mnzawoyo anafotokoza, iwo akumvetsera atatsinzina. Kenako a Manda anaona munthu wina ataima patsidya akuwayang'anitsitsa.

"Yewo chomene," anathokoza motero a Manda, n'kumugwira chanza. "Pita, msewu wa ku Rumphi umavuta kukagwa mvula."

Galimoto itachoka anakakhala pakhonde n'kuvula nsapato. Lenia anafunsa zimene mlendoyo anabwerera.

"Akuti zija zinatheka."

"Nanga simukusangalala bwanji?"

"Ndikusangalala, amama. Kungoti miyendo ikuwawa."