Buku la a Walter ndi selotepi ya Effie

Effie anabadwira ku Ntcheu, m'nyumba ya mphunzitsi, momwe kung'amba buku unali mlandu woposa kuswa mbale. Nayenso anadzaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ana akulimbirana buku limodzi pabenchi. Buku lililonse lofika m'manja mwake ankalikuta ndi pepala la khaki, ndipo tsamba likathothoka ankalimata ndi selotepi lisanasowe. Atasiya choko n'kubwera ku London kudzasamalira okalamba, khalidweli anabwera nalo.

Ankakhala ku Barking, n'kumakwera sitima m'mawa uliwonse kupita kwa a Walter, nkhalamba yachingelezi yomwe kale inkagulitsa mabuku akale. Mutu wawo unali utayamba kuiwala. Effie ankawasambitsa, kuwameta ndevu, kuwadyetsa. Chilolezo chake chokhalira m'dzikomo chinadalira ntchito yomweyi: kampani yomwe inamulemba ntchitoyo ikangomuchotsa, ulendo wa ku Ntcheu wapsa.

Pambali pa bedi panali buku lomwe a Walter ankalisisita ngati mwana wa mphaka. Linasindikizidwa zaka mazana angapo zapitazo, ndipo munali mkangano wa mfumu ya Angelezi ndi Papa pa nkhani yofuna kusiya mkazi. Effie, Mkatolika wa kolona m'thumba, ankati mfumuyo inali mwamuna wachimasomaso basi. Koma buku ndi buku. Chikuto chinali chitasomphoka, masamba akugwera kunsi kwa bedi. Tsiku lina analephera kupirira: anagula selotepi, namata tsamba ndi tsamba, n'kulikuta bwinobwino. A Walter anaomba m'manja.

Fiona, mwana wawo, anatulukira Loweruka. Mayi ameneyu! Bambo ake atagwa m'bafa nthawi yozizira, anangotumiza meseji. Koma atawamva akunyadira pa foni kuti buku lavala malaya atsopano, anafika pa takisi tsitsi lili nyankhalala. Anakuwa kuti guluu wa selotepi amadya pepala lakale, kuti mabuku otere atsala owerengeka padziko lonse, kuti Effie wawononga chuma cha banja. Anaimbira kampani pomwepo, Effie ali chilili.

Effie sanatsutse. Sankadziwa, ndipo anapepesa mpaka kugwada. Koma anaona Fiona akukulunga bukulo m'nsalu yofewa, n'kulinyamula ndi manja awiri, osacheukira n'komwe bambo ake amene ankanjenjemera pampando chifukwa cha phokosolo. Apa ndiye mtima unamupsa. Abale, pepala likhale ndi wolilirira, munthu wamoyo ayi? Anadzuka n'kusasa maondo ake.

Foni yake inalira. Anali manejala wa kampani: mashifiti ake onse aimitsidwa, Lolemba akapereke baji ku ofesi.

"Tengani chikwama chanu," anatero Fiona m'Chingelezi. "Ndipo musakhudzenso chilichonse m'nyumba muno."

Effie anavala jekete. Ali pakhomo anamva a Walter akumuitana chapansipansi, mmene ankachitira akachita manyazi. Thalauza lawo linali litanyowa mpaka m'maondo. Miyendo inafuna kubwerera yokha, koma anaikaniza.

"Bambo anu adzikodzera," anauza Fiona. "Matewera ali kunsi kwa sinki. Madzi akhale ofunda, ozizira amawaliza. Ine mwandiletsa kukhudza."

Fiona anayang'ana bambo ake, buku lili m'manja, kusowa poliika. Effie anatseka chitseko a Walter akuitanabe dzina lake.