Mtchona Amene Ankafuna Dambo Lathu

Chaka chimene ndinabereka mwana wanga wachiwiri, amalume anabwera kwathu ndi munthu amene sitinamuonepo. Munali m'chilimwe, nkhondo ya kutsidya kwa mtsinje wa Ruo itafika poipa. Tinkakhala chakufupi ndi Milonde, pamalo amene agogo anapatsidwa atachoka ku Mozambique kalekale. Kumunsi kwa minda yathu kunali dambo limene tinkangolima m'mphepete, ndipo amalume ankadandaula kawirikawiri kuti likungokhala.

Mlendoyo anali wamtali, waimvi, atavala jombo zofika m'mawondo ngakhale kunja kunali fumbi. Chichewa chake chinali cha munthu amene wakhalitsa kunja. Anati ndi mtchona, wakalambira m'mafamu a ku Zimbabwe.

"Achemwali," anatero amalume kwa amayi, "bambo awa akufuna dambo lija. Akuti aziwetapo mahatchi."

Amayi anasiya kusenda chinangwa. "Akavalo? Amadyedwa?"

"Ayi, mayi," anayankha mlendoyo.

"Amalima?"

"Anga ndi okalamba, sangalime."

"Nanga ndi a chiyani?"

"Ndinawazolowera, mayi. Moyo wanga wonse ndasamala a eni ake. Mzungu wina wa ku esiteti akubwerera kwawo, ndiye wandisiyira awiri."

Malowo anali a ife akazi, ndipo amayi sankamukhulupirira mlongo wawoyo pa nkhani za malo. Anandikodola n'kundinong'oneza kuti ndibereke mwana ndiwatsatire, ndimve zonse.

Munthu wofuna munda amafunsa ngati chimanga chimabereka. Uyu sanafunse zimenezo. Ankaponda nthaka ndi chidendene, n'kuwerama kuona ming'alu. Akapeza una wa mbewa kapena dzenje la chiswe, ankapisamo ndodo, amvekere hatchi ikaponda apa yathyoka mwendo, ndipo yothyoka mwendo sichira. Ankathyola masamba a tchire n'kumanunkhiza. Anafunsa ngati ng'ombe zinafapo m'dambomo, ngati kashembe amafika, ngati chitsime chimaphwa mwezi wa Okutobala. Amalume ankangoti zonse zili bwino, ngakhale asanamalize kufunsa.

Titafika pakanjira kodutsa pakati pa dambo, anaima.

"Njira iyi imapita kuti?"

"Kumtsinje," anatero amalume.

"Amadutsa ndani? Ndi ambiri? Amadutsa nthawi yanji?"

Kanjirako n'kamene anthu othawa nkhondo ankalowera, ndipo n'kamene anadzera msuweni wa amayi miyezi ingapo m'mbuyomo, ali ndi kamtolo kamodzi pamutu. Tinkamusunga kwathu mwakachetechete. Analibe khadi la chipani, analibe pepala lililonse, ndipo Chichewa ankachilankhula mopotoka. Mlendoyo anafotokoza kuti akamanga mpanda, anthu ozolowera njira adzauthyola, mahatchi n'kuthawa. Zinkamveka ndithu, koma ine khutu langa linali litatseka kale.

Pomaliza anati sanena kanthu mpaka aone dambolo mvula itagwa. Amalume anakwinya nkhope.

Madzulo amuna anga atabwera kufakitale ya tiyi, ndinawafotokozera zonse.

"Mahatchi? Munthu wakuda ngati ine?" anatero. "Ameneyo watumidwa. Mwina ndi kazitape, mwina pali wamkulu wina wa m'boma amene akufuna malo ndiye wabisala kumbuyo kwake. Munamuonapo wogula malo amene amadikira dzinja?"

Masiku amenewo munthu sunkafunsa kawiri. Ngakhale mnzako wa kutchalitchi unkayamba wamuyeza usanamuuze zakukhosi. Sabata yomweyo amayi anaperekeza msuweni wawo ku Chonde kwa mbale wina. Msuweniyo analira popita, chifukwa anali atayamba kulima kadimba kake ndipo mpiru unali utamera. Amayi anatiletsanso kulankhula Chilomwe pabwalo.

Mvula yoyamba itagwa, mlendo uja anabweranso, yekha, dzuwa litapendeka. Sanafike pakhomo. Anakakhala pachulu cha pakati pa dambo, atapinda malaya mpaka m'mapewa, manja atawatambasula pamawondo. Ndinkamuona ndili pachitsime. Anakhala choncho mpaka dzuwa kulowa, nthawi zina n'kumadzimenya pamkono ndi kuyang'anitsitsa chimene wapha. Pofika mawa lake mudzi wonse unali utamva. Ena ankati amawerenga anthu owoloka. Mayi wina woyandikana nafe anati ayi, munthuyo amatsirika malo, ndipo mahatchiwo ndi oyendera usiku. Amayi anandiletsa kukatunga madzi ndekha.

Anabwera komaliza mu Januwale, mvula itagwa sabata yathunthu. Ulendo uno amayi nawonso anatsagana ndi amalume, ine pambuyo. Dambo lonse linali nyanja ya matope. Mlendoyo analowamo mpaka jombo zinamira, pozula mwendo n'kumveka phwa. Anabwerera kumtunda akupukusa mutu.

"Pepani, malo ano sindingawathe," anatero. "Makande awa amasunga madzi, ziboda zingawole. Komanso tsiku lija ndinakhala pachulu, tintchentche tating'ono tinandiluma kwambiri. Timeneto timabweretsa matenda amene amapha hatchi m'masiku ochepa. Ndikafune kumtunda kouma, kopita mphepo."

"Tikhoza kukumba ngalande," anatero amalume.

"Ngalande sithamangitsa tizilombo, bambo."

Anatsanzika bwinobwino, n'kupita. Amalume anatembenukira amayi pomwepo, amvekere ndinu mwamuuza zoipa munthuyu, mwandilanda mwayi. Amayi anati iwo sanalankhule naye liwu limodzi kupatula tsiku loyamba lija, ndipo zinali zoona. Koma kuyambira tsiku limenelo amalume anasiya kudya kwathu, mpaka chaka chinatha.

Patapita masabata ochepa anyamata a chipani anazungulira mudzi kufunsa makhadi, n'kulowa mpaka kuseri kwa nkhokwe. Amuna anga anati, "Mwaonatu." Ine ndinawakumbutsa kuti anyamatawo ankabwera chaka chilichonse nyengo ngati yomweyo. Anati inde, koma kuseri kwa nkhokwe anali asanayang'aneko.

Chilimwe chotsatira ndinapita kumaliro chakufupi ndi Thuchila. Pobwerera kukakwera basi, ndinadutsa pamalo ena okwera, a dothi lofiira, otchingidwa ndi mpanda wa mitengo ya bulugama. M'katimo munali hatchi yofiirira, nthiti zikuonekera, ndi munthu akuipesa msana. Anali iye uja. Anandizindikira ndisanabise nkhope.

"Mayi a kudambo! Bwerani mudzaone."

Ndinayandikira pang'ono. Chinyamacho chinali chachikulu kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo chinkapumira paphewa pake ngati mwana. Anandiuza kuti inzake inafa asanapeze malo, ndipo pano madzi amachita kukatunga patali ndi njinga, koma bola pouma. Anafunsa za amalume ndi amayi. Kenaka anati, "Nanga mayi aja ankapeta kuseri kwa nyumba tsiku loyamba lija? Anandipatsa moni wa Chipwitikizi. Ali bwanji?"

Ankanena msuweni wa amayi uja. Nkhope yake inali yosekerera, dzanja lili pakhosi pa hatchi.

"Sindikuwakumbuka," ndinatero.

Anandiyang'ana pang'ono, n'kugwedeza mutu, osafunsanso. Anati ndiigwire pamphuno, siluma. Ndinati basi indisiya, n'kuyenda mofulumira osacheuka.

Kunyumba ndinanena kuti hatchi ndaiona ndi maso anga, ilipodi. Amuna anga anati kukhala ndi hatchi sikuletsa munthu kukhala kazitape. Amayi anafunsa ngati anali wonenepa kapena wowonda, ndipo nditati wawonda, anati ndiye kuti boma silimulipira. Tinakambirana mpaka chakudya kuzizira, osagwirizana. Mawa lake amayi anatumiza uthenga ku Chonde kuti msuweni wawo asabwere kaye.