Buledi wa Azakhali

Kwathu ku Chipoka, munthu akadwala timamupititsira buledi. Kaya ndi malungo, kaya wathyoka mwendo, mankhwala a achibale ndi amodzi: buledi m'jumbo ndi botolo la zoziziritsa kukhosi. Ukapita ndi chinangwa amati wabwera kudzanyoza wodwala.

Mwana wanga wamkazi anayamba kutsegula m'mimba ndi magazi omwe ali sitandade wani. Mimba inatupa, timiyendo ngati mabango. Titazungulira mokwanira, adokotala a ku Lilongwe anapeza kuti matumbo ake sagwirizana ndi tirigu. Buledi, mandasi, masikono, mabisiketi, zonsezi asadzalawenso moyo wake wonse. Ine mtima unakhala pansi. Mpunga wa ku Chinguluwe ulipo, mbatata ilipo, usipa ndimagulitsa ndekha.

Koma ndinaiwala kuti ndili ndi alamu, achemwali a bambo a mwanayu, aphunzitsi a ku boma. Mayi amenewa palibe chimene sadziwa, ngakhale za m'mimba mwa mwana wa eni.

"Alamu, matenda okana buledi munawamva kuti?" anandifunsa. "Ingonenani kuti ndinu ouma manja. Mwana wa mchimwene wanga azidya mbatata m'mawa ngati wamasiye?"

Titasiya tirigu mwana anayamba kunenepa, koma m'chimbudzi munkaonekabe magazi. Tinabwerera kuchipatala. Atamuunika m'matumbo anapeza zilonda, matenda ena apadera, ofuna mankhwala akeake. Matenda awiri m'kamimba kamodzi. Ndinalira m'minibasi njira yonse.

Alamu anasangalala ngati apambana mlandu. "Mwaona? Buledi mwamuletsa, magazi akutulukabe. Ndiye wolakwa ndi buledi?"

Ndinawauza kuti bwato likabooka malo awiri, ukamata malo amodzi madzi amalowabe, koma sumatulanso pomwe wamata. Anaseka, amvekere zimenezo ndikauze asodzi anzanga.

Pa holide alamu anapempha kuti mwana akacheze kwawo. Ndinakana, koma bambo ake anati tisadanitse mtundu. Ndinamulongedzera mankhwala, mpunga ndi ufa wa phala. Zakudyazo zinabwerako osamasula n'komwe. M'mawa uliwonse ankamupatsa tiyi ndi buledi wopaka majarini kuti ati anenepe, ndipo mwana wolera bwino sakana chimene wamkulu wamuninkha. Anabwera maso atalowa m'kati, siketi ikuvuka yokha. Tsiku lotsatira tinagonekedwa, diripi pamkono. Anzake anatsegulira sukulu iye ali pabedi.

Mukuganiza kuti alamu anachita manyazi? Anafika mu wodi atatchena, mafuta onunkhira ali guu, akudandaula mokweza kuti ana a masiku ano ndi ofooka. Kenako anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa jumbo. Buledi wathunthu, wodulidwa kale, wa mtengo wapamwamba, kuti wodi yonse ione kuti iwo ndi anthu odziwa kuzonda odwala.

Ndisanatsegule pakamwa, mwana anadzuka movutikira. Anatambasula manja onse awiri, limodzi likukoka chingwe cha diripi, n'kulandira.

"Zikomo, azakhali," anatero.

Anauyang'ana buledi uja, akudziwa bwino lomwe chimene umamuchita. Kenako anandikoka chitenje n'kundinong'oneza.

"Amayi, ndidyeko kachidutswa kamodzi kokha, kuti asakhumudwe?"