Mphini Zitatu Uku, Zitatu Uku

Ndiulule uchitsiru wanga ndisanafe. Ine ndinkakhulupirira kuti kamera ya boma imaona kumene agogo ako anabadwira. Musaseke kwambiri, sukulu ndinalekezera sitandade folo, yotsalayo ndinaphunzirira m'munda wa tiyi dengu lili kumsana.

Agogo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambique kudzathyola tiyi pa esiteti kuno ku Thyolo. Makolo a akazi anga chimodzimodzi. Ndiye itamveka nkhani yoti aliyense akajambulitse chiphaso cha unzika, mnzanga wina, mlonda wa kufakitale, anandinong'oneza kuti makinawo akakuunika nkhope, amene si Mmalawi weniweni amamulemba pambali. Kenako akuti kumabwera lole yokamutaya kumalire.

Za ine sindinade nazo nkhawa. Nkhope yanga ilibe umboni uliwonse, ndi yongoipa basi. Koma mayi a kunyumba ali ndi mphini m'masaya, zitatu uku zitatu uku, anawatema ndi agogo awo ali namwali. Mphini zomwezo n'zimene zinandigwetsa ine pamzere wa sikelo tili achinyamata, mpaka ndinaiwala kuyezetsa tiyi wanga. Koma tsopano ndinkaziona ngati keyala ya ku Mozambique yolembedwa pankhope. Akawatenga, ukalamba uno ndizikangana ndi ndani?

Ndinapita ku Khonjeni kukagula paudala. Tsiku lojambulitsa ndinawapaka ndekha ngati ndikuzira nyumba, n'kuwauza kuti duku alitsitse mpaka m'masaya. Ine ndinavala jekete langa lija la kumaliro ndi kuukwati.

“Tikafika kumeneko Chilomwe ayi,” ndinawalangiza. “Muziyankhula ngati a pawailesi.”

“Inu mwayamba kale, koma wailesi yake ndi yakutha mabatire,” anandiyankha.

Tinayenda wapansi kudutsa m'minda ya tiyi, dzuwa lili pamutu. Pasukulu pomwe ankajambulirapo tinapeza mzere wautali. Thukuta linagwira ntchito yake. Paudala yense anatsika, kupatula amene anakhazikika m'mphini muja. Ndiye zinayera mbee, ngati aphunzitsi azilemba ndi choko kuti aliyense awerenge.

Wojambula anali mtsikana wa msinkhu wa mdzukulu wathu.

“Agogo, kwezani duku makutu aoneke, ndipo mupukute kumasoko,” anatero.

Mtsikana uja anawayang'anitsitsa m'masaya. Ine ndinati basi, lole ija yalizidwa kale. Ndinasendera pafupi.

“Achemwali, zimenezo musazilembe. Anagwera pawaya ali mwana.”

Anaseka mpaka anagwira tebulo. Kenako anawapatsa moni akazi anga m'Chilomwe, mokweza, anthu onse akumva. Iwonso anayankha m'Chilomwe chomwecho, malangizo anga aja atawaponda.

“Waya wake ndi yemweyo amene anagwerapo agogo anga a ku Chimaliro,” anandiuza mtsikanayo. “Nawonso zitatu uku zitatu uku, ndipo ndawajambula ndekha dzana. Dzutsani mutu agogo, zioneke bwino.”

Ndinakhala pansi pomwepo, pafumbi, jekete ndi jekete. Mpweya umene ndinatulutsa ukanazimitsa moto wa kufakitale. Koma itafika nthawi yanga, thupi linali lisanamve kuti mlandu watha, maso anali adakali pamtunda.

Patapita miyezi ziphaso zinabwera. Cha mayi a kunyumba ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Dzina la dziko lathu lili pamwamba, iwo ali m'munsi mwake, mutu uli chilili, mphini zisanu n'imodzi zonse zilipo. Palibe anafufutapo ngakhale imodzi. Changa musafunse. Ndikuoneka ngati munthu amene alonda amupezerera ndi mtolo wa bulugamu wa kampani.

Usiku umenewo mayi a kunyumba anaziika ziphaso ziwirizo pamphasa moyandikana, n'kuziyang'ana mosinthanasinthana.

“Bambo a ana, mnzanu uja sananame, kamerayi imaonadi. Kwa ine yaona Mmalawi, kwa inu yaona wamantha. Lole ikabwera mudzaime kumbuyo kwanga, ndidzawauza kuti ndinu wanga.”